Chipolopolo cha mphira chikaphulitsa diso, alipire ndani?

Amati ndi zida zosapha: zipolopolo za mphira, utsi wokhetsa misozi, mfuti zamagetsi za Taser. Komatu kuvulaza zimavulaza, mwinanso kulumaza kumene.

Mu Meyi 2020, pa zionetsero zokwiya ndi imfa ya George Floyd ku Minneapolis, apolisi anawombera mtolankhani Linda Tirado kumaso ndi chipolopolo chotere, diso lakumanzere n'kufa. Mu 2022 mzindawo unavomera kumupatsa chipukuta misozi cha $600,000. Chaka chomwecho ku Denver, khoti linagamula kuti anthu 12 omwe anavulazidwa pa zionetsero alandire $14 miliyoni.

Nanga ndalamazi zimachokera kuti? M'thumba la mzinda, kutanthauza anthu okhoma msonkho. Wowomberayo nthawi zambiri salipira kalikonse. Kuwonjezera apo, ku America kuli mfundo ya qualified immunity: kumusumira wapolisi payekha n'kovuta, pokhapokha patakhala chigamulo chakale chosonyeza poyera kuti zomwe wachitazo n'zolakwa.

Oikira kumbuyo mfundoyi amati wapolisi woopa milandu angazengereze pomwe zinthu zavuta, kapena kuisiya ntchito. Pali nzeru ndithu. Koma munthu wodziwa kuti sadzalipira, chingamugwire dzanja n'chiyani?

Boma la Colorado linayesa njira ina mu Juni 2020. Wapolisi akapezeka kuti anachita zinthu mosaona mtima, amalipira yekha 5 peresenti ya chipukuta misozi, koma osapitirira $25,000. Sizimusaukitsa, koma zimamupweteka mokwanira kuti aganize kawiri asanalozetse mfuti kumaso kwa munthu.