Mseu Umene Unasanduka Bwalo: Kodi Times Square Yakhoza?

M'MWEZI wa Meyi caka ca 2009, anthu a mumzinda wa New York ku America anaona cinthu cimene ambiri sanaciyembekezere. Akuluakulu a mzindawo anaimika migolo pakati pa mseu wochuka wa Broadway, pamalo ochedwa Times Square, nalamula kuti magalimoto asadutsenso pamenepo. Paphula pamene dzulo lake panali kulira mahutala a matakisi, anandandalikapo mipando yopinda 376, ya mtengo wosafika madola 11 umodzi. Posakhalitsa mipando ija inadzala. Amuna ndi akazi anakhala pakati pa mseu natambalala, ena ali kudya, ena ali kungopenya anzao odutsa.

Kuyambira tsiku limenelo mkangano sunathe. Ena ati mzinda unabwezera anthu malo ao amene magalimoto anawalanda. Ena ati unangotsegulira khomo phokoso ndi malonda. Popeza bwaloli tsopano lakhala zaka zambiri, tingathe kufunsa mosakondera: kodi lakhoza kapena lalephera?

Malo ake

Times Square ili pakati pa cisumbu ca Manhattan, pamene mseu wa Broadway, umene uyenda mopingasa, udutsana ndi mseu wa Seventh Avenue. Dzinali linaperekedwa mu 1904 pamene nyuzipepala ya New York Times inali pafupi kusamukira pamalopo. Kuyambira mu 1907 khamu la anthu limasonkhana pamenepa usiku wa pa 31 Disembala kudzaona mpira wonyezimira uli kutsitsidwa polandira caka catsopano. Pozungulira pali nyumba za masewero, mahotela, masitolo ndi zikwangwani zamalonda zowala usana ndi usiku, ndipo pansi pa nthaka pali siteshoni yaikulu ya sitima. Mliri wa COVID-19 usanabwere, patsiku wamba anthu oposa 300,000 anali kudutsa pamalopo ndi miyendo.

Ngakhale dzina lakuti "square" litanthauza bwalo, kwa zaka zoposa 100 malowa sanali bwalo konse. Anali mphambano ya miseu. Anthu anali kupanikizana m'tinjira ta m'mbali, ndipo pocepa malo ambiri anali kutsikira mumseu nayenda pakati pa magalimoto. Ngozi zinali zosawerengeka.

Kodi bwalo limamangidwa?

Inu awerengi a kumudzi mudziwa kuti bwalo la mudzi silimangidwa ndi mmisiri. Limabadwa lokha patsinde pa mtengo wa mthunzi, pamene njira za ku nyumba zosiyanasiyana zikumana, ndipo udzu umafa cifukwa ca mapazi a anthu. Mumzinda waukulu zinthu siziyenda motero. Kadothi kalikonse kali ndi mwini wake ndi mtengo wake, ndipo ngati anthu afuna poimirira ndi kuceza, Boma liyenera kupatula malowo mwadala. Cobvuta ndi cakuti mmisiri angathe kuyala miyala yokongola, koma sangathe kukakamiza munthu kukhalapo.

Mzinda wa New York unaphunzira zimenezi kalekale, ndipo unaziphunzira mowawa. Mu 1961 unaika lamulo lakuti womanga nyumba yosanja akasiya bwalo la anthu onse patsogolo pa nyumba yake, adzaloledwa kuonjezera zipinda pamwamba, za malo oposa kukula kwa bwalolo kakhumi. Omanga anakondwera, ndipo mabwalo ambiri anaoneka mumzindamo. Pazithunzi anali okongola ndithu, koma ambiri anali mbee, opanda munthu ngakhale nthawi ya cakudya ca masana. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ca m'ma 1970 mlembi wina, a William H. Whyte, anaganiza zofufuza cifukwa cake. Iwo ndi owathandiza anaika makamera pamwamba pa nyumba najambula mabwalo tsiku lonse, kuwerenga amene akhala, pamene akhala, ndi utali wa nthawi imene akhalapo. Zimene anapeza, zimene anazilemba m'buku lao la mu 1980, sizingadabwitse nkhalamba ya kumudzi. Bwalo lodzala ndi lija lokhala ndi pokhalira pambiri, kaya ndi benchi, masitepe kapena kakhoma kafupi. Anthu akonda mpando umene angausunthe okha, kuulondola kudzuwa pozizira ndi kumthunzi potentha. Afuna mitengo, madzi ndi wogulitsa cakudya pafupi. Bwalo lokwezeka kapena lokumbika, losaoneka bwino kwa munthu wodutsa mumseu, limathawidwa. Anaonanso kuti pamene akazi akhala ambiri ndiye pamalo abwino, pakuti iwo safulumira kukhala pamene pali pokaikitsa. Coposa zonse, munthu amakopeka ndi anthu anzake. Mu 1975 mzinda unasintha lamulo lija, nulamula kuti bwalo lililonse lotere likhale ndi mitengo ndi pokhalira pokwanira.

Kuyesa ndi penti ndi mipando

Miyeso imeneyi ndiyo tingapimire nayo Times Square. Mu 2007 Meya wa mzinda, a Michael Bloomberg, anasankha Mai Janette Sadik-Khan kukhala mkulu woyang'anira miseu. Maiwa anaitana katswiri wa ku Denmark, a Jan Gehl, ocokera ku Copenhagen, mzinda umene unacotsa magalimoto mumseu wake waukulu wa masitolo kale mu 1962. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Atawerenga, anapeza kuti pa Times Square pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a malo anali a magalimoto, pamene anthu oposa 8 mwa 10 alionse odutsapo anali oyenda pansi.

Nzeru yao inali yakuti asayambe ndi kugumula kapena kumanga. Anatseka Broadway kucokera pa 42nd Street kufika pa 47th Street ndi migolo ndi penti cabe, nalonjeza kuti zikakanika adzatsegulanso. Oyendetsa matakisi anadandaula kuti mzinda wonse udzaima. Eni malonda ena anaopa kutaya ogula, ndipo manyuzipepala ena anaseka mipando ija kuti ndi yonyozetsa mzinda. Koma panali cimene otsutsa sanaciganizire. Popeza Broadway ayenda mopingasa, anali kupanga mphambano zobvuta za njira zitatu, ndipo magalimoto anali kudikira nthawi yaitali pamagetsi a mseu. Atatsekedwa, magalimoto a mu Seventh Avenue anapatsidwa nthawi yocuruka yodutsira.

M'mwezi wa Febuluwale 2010 a Bloomberg analengeza kuti mseuwo sudzatsegulidwanso. Lipoti la Boma la mzinda linaonetsa kuti oyenda pansi obvulala anacepa ndi 35 peresenti, ndipo obvulala a m'magalimoto anacepa ndi 63 peresenti. Anthu oyenda pakati pa mseu anacepa ndi 80 peresenti, pamene ciwerengero ca oyenda pansi onse cinakwera ndi 11 peresenti. Liwiro la magalimoto silinakwere monga momwe akuluakulu analonjezera, pakuti njira zina zinafulumira ndipo zina zinacedwako pang'ono, koma cisokonezo cimene cinaloseredwa sicinaoneke.

Pambuyo pake nchito yomanga bwalo lokhalitsa inapatsidwa kwa amisiri a kampani ya Snøhetta ya ku Norway. Inadya madola pafupifupi 55 miliyoni, ndipo bwalolo linatsegulidwa mwamwambo mu Epulo 2017. Amisiriwo anafafaniza malire a pakati pa mseu wakale ndi tinjira ta m'mbali kuti pansi pakhale posalala kucokera khoma kufika khoma. Anayala matabwa a simenti okhomeredwa tizitsulo tozungulira timene timanyezimira ndi kuwala kwa zikwangwani, naika mabenchi 10 a mwala, aatali mpaka mamita 15. Malo onse amene anapatsidwa kwa oyenda pansi ndi okwana hekitala imodzi, ndiko kuti maekala awiri ndi theka, munda umene banja limodzi lingaulime.

Pocuruka anthu sipasowa milandu

Bwalo litadzala, linaitananso amene omanga sanawaitane. Kunabwera anthu obvala zigoba ndi zobvala za tizilombo ta m'makanema a ana, amene amajambulitsa ndi alendo kenaka napempha ndalama, ena mwaukali. Kunabweranso ogulitsa matikiti okakamira, ndi akazi ena odzipaka utoto pathupi m'malo mwa malaya. Mu Ogasiti 2015 madandaulo anakula kotero kuti mkulu wa apolisi, a William Bratton, ananena poyera kuti iwo akadakonda kulikumba bwalolo ndi kubwezeretsa mseu, ndipo Meya wa nthawiyo, a Bill de Blasio, anati adzaiganizira nkhaniyo.

Apa ndipo panaonekera mtengo wake weniweni wa bwalolo. Ambiri anakana kolimba, kuphatikizapo bungwe la eni nyumba ndi malonda a pamalopo, la Times Square Alliance, limene limasesa bwalolo ndi kulisamala. Mseu umene unatsekedwa anthu ali kung'ung'udza tsopano unapeza ouchinjiriza. M'malo mokumba, khonsolo ya mzinda inapanga lamulo mu 2016, ndipo pansi panapakidwa penti yoonetsa pamene ofuna ndalama ayenera kuima ndi pamene odutsa ayenera kuyenda osabvutidwa. Mikangano inacepako ngakhale kuti sinatheretu.

Tsoka lalikulu linagwa pa 18 Meyi 2017. Munthu wina anakweza galimoto yake m'kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa Seventh Avenue nagunda anthu. Mtsikana wa zaka 18 anamwalira ndipo ena okwana 20 kapena kuposerapo anabvulala. Cimene cinaimitsa galimotoyo ndi mizati yacitsulo imene inazikidwa m'mphepete mwa bwalo. Caka cotsatira mzinda unalengeza kuti udzazika mizati ina 1,500 m'malo odzala anthu. Phunziro lake linali lakuti wosonkhanitsa anthu pamodzi asenzanso udindo wowateteza.

Ciweruzo

Tsono tinene ciani? Pamuyeso wa moyo wa anthu, bwaloli lakhoza, pakuti obvulala anacepa ndipo munthu wonyamula mwana sayendanso pakati pa matakisi. Pamuyeso wa a Whyte lakhozanso pazambiri. Pokhalira palipo, cakudya cili pafupi, bwalo lili pamseu penipeni, ndipo anthu sasowa usana kapena usiku. Munthu angakhale pabenchi tsiku lonse osagula kanthu, ndipo palibe womuthamangitsa. M'cigawo ca mzinda cimene pafupifupi khomo lililonse lifuna ndalama, ici si cinthu caching'ono ai.

Koma pali pamene lapelewera. Mitengo ikuluikulu ya mthunzi palibe, ndipo bata palibe. Zikwangwani zowala zija sizinabwere mwangozi, pakuti lamulo la mu 1987 limakakamiza eni nyumba za pamalopo kuziika, motero munthu wokhala pabwalo azingidwa ndi malonda mbali zonse. Eni mzinda ambiri amalambalala malowo nawasiyira alendo. Izi zinaoneka poyera mu 2020, pamene mliri wa COVID-19 unaimitsa maulendo ndi kutseka nyumba za masewero ndi maofesi. Zithunzi za bwalo lopanda anthu zinafalikira dziko lonse. Bwalo la mudzi limakhala ndi eni ake amene amadziwana maina ndi kubwerako tsiku ndi tsiku. Times Square ndi bwalo la apaulendo, lodzala ndi nkhope zimene mawa sizidzaonekanso.

Komabe sitingaimbe mlandu amisiri cifukwa cosapanga cimene malowo sanakhalepo ndi kale lonse. Times Square inali ya phokoso ndi malonda bwalo lisanabwere. Cimene cinasintha ndi cakuti woyenda pansi, amene kale anali mlendo wopanikizidwa kukhoma, tsopano ndiye mwini malo. Tingati lakhoza monga mphambano ya anthu, ngakhale silinafike pokhala popumulira pa eni mzinda.

Cinanso coyenera kucisunga ndi njira imene inatsatidwa. Akuluakulu sanayambe ndi madola 55 miliyoni. Anayamba ndi migolo, penti ndi mipando yochipa, nayang'ana kwa miyezi yambiri pamene anthu akhala ndi pamene apewa, ndipo anamanga ndi mwala atamva yankho la mapazi a anthu. Mabwalo a lamulo la 1961 anamangidwa poyamba, anthu nafunsidwa pambuyo, ndipo ambiri anakhala opanda nchito.

Matauni athu naonso ali kukula, ndipo makhonsolo amamanga misika, masiteshoni a basi ndi malo ocezera. Tsiku limene mudzaitanidwa kukaona mapulani a malo otere, musacite manyazi cifukwa simunaphunzire za umisiri. Funsani kuti mai wocokera kutali ndi mtolo pamutu adzatula pati, nkhalamba idzakhala pati, mthunzi udzacokera kuti, ndipo adzasesa ndani. Amenewa ndiwo mafunso amene mzinda wa New York unatha zaka zoposa 40 usanawayankhe bwino.