Tsabola wa pa Forbes anadzera kunyanja

Pa chipata cha Forbes, pomwe Mutare wa ku Zimbabwe wachita malire ndi Machipanda wa ku Mozambique, mathiraki ochokera ku doko la Beira amandanda mtunda wautali. Madalaivala podikira mapepala amagula nsima ndi nkhuku yootcha, ndipo piripiri sasowa pambali pa mbale. Njira imene akudyerapoyi ndi yomwenso amalonda akale ankadzera pochoka kunyanja.

Mbewu zimene timazitcha tsabola zilipo ziwiri, ndipo si zapachibale. Wakuda uja, wa timibulu touma, kwawo ndi ku Kerala, ku India. Anali wodula zedi, moti mu 408 mfumu Alaric itazinga mzinda wa Rome inaitanitsa mapaundi 3,000 a tsabolayu pamodzi ndi golide. Mpwitikizi Vasco da Gama ankasaka msika wake pomwe anadutsa gombe la Mozambique n'kukafika ku Calicut, ku Kerala komweko, mu 1498.

Koma amene anakhazikika m'miphika yathu ndi winayo, wofiira, wochokera ku America. Apwitikizi, omwe anamanga linga ku Sofala mu 1505 n'kumadzachita malonda ku Masekesa kufupi ndi Mutare, ndiwo anamufalitsa m'magombe a Africa. Anapambana chifukwa savuta: amamera kuseri kwa nyumba, mbalame n'kumamwaza njere zake. Kambuzi wathu ndi wa banja lomweli.

Mbalame sizimva kuwawa kwake. Ife timamva chifukwa muli mankhwala otchedwa capsaicin, omwe amadzutsa mitsempha yomva kutentha. Lilime silipsa ayi, koma ubongo umakhulupirira kuti lapsa, ndiye thukuta kamukamu, mamina chuchuchu. Wasayansi David Julius, amene anatulukira zimenezi, analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Madzi sathandiza kwenikweni poti capsaicin sasungunuka m'madzi. Mkaka ndiwo umaziziritsa.

Mlandu wa zilonda za m'mimba timangomunamizira tsabola. Zambiri zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kapena kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi aspirin, amene dalaivala womva msana amangowameza ngati mtedza. Tsabola angathe kukolezera ululu kwa amene ali kale ndi zilonda kapena chilungulira, choncho woteroyo achepetse. Koma kusiya tsabola sikupha kachilomboko. Pamafunika kukayezetsa kuchipatala ndi kumaliza mankhwala onse amene adokotala apereka.