Civita di Bagnoregio: mudzi wa paphiri umene ukugumuka pang'onopang'ono

Mlendo wofuna kukaona mudzi wa Civita di Bagnoregio, m'dziko la Italy, amasiya galimoto kutsidya n'kuyenda wapansi pa mlatho wopapatiza wotalika mamita pafupifupi 300, umene umakwera mpaka pachipata. Mudziwu uli m'chigawo cha Lazio, pamtunda wa makilomita oposa 100 kumpoto kwa mzinda wa Rome, ndipo anthu okhalamo chaka chonse sakwana 20.

Amene anaukhazikitsa ndi anthu a mtundu wa Etruscan, zaka zoposa 2,500 zapitazo. Iwo anasankha pamwamba pa phiri poopa adani, koma phirilo lili ndi vuto lake. Pamwamba pali mwala wofewa umene unapangika kuchokera ku phulusa la mapiri ophulika, pomwe pansi pake pali dongo. Mvula ndi mitsinje ya m'munsi zikakokolola dongolo, mwala wa m'mphepete umatsala wopanda pokhazikika, kenako umang'aluka n'kugwera m'chigwa pamodzi ndi nyumba zimene zili pamwamba pake. Anthu akalewo ankalidziwa vutoli, moti anakumba ngalande zopatutsira madzi a mvula. Mibadwo yotsatira italeka kuzisamalira, nthaka inayamba kutha msanga.

Chivomezi cha m'chaka cha 1695 chinawononga kwambiri, ndipo patapita zaka zochepa bishopu anasamukira ku Bagnoregio, tawuni yoyandikana nayo. Mabanja nawo anayamba kuchoka limodzilimodzi. Mlembi wina wa kumeneko, Bonaventura Tecchi, anadzautcha mzinda umene ukufa, ndipo dzinalo linakanirira.

Kugumukaku sikunasiye ngakhale nyumba ya munthu wotchuka koposa wobadwira m'mudzimo, Bonaventure Woyera, yemwe anatsogolera chipani cha ansembe cha Francis Woyera wa ku Assisi ndipo anamwalira mu 1274. Mbali yaikulu ya nyumbayo inagwera kuphompho kalekale.

Zotsala n'zosiririka ndithu. Pachipata cha Porta Santa Maria pali ziboliboli za mikango iwiri itagwira mitu ya anthu, chikumbutso cha nthawi imene eni mudzi anagalukira banja la Monaldeschi la ku Orvieto lomwe linkawalamulira. Pakati pa mudzi pali bwalo ndi tchalitchi cha San Donato, mmene mumasungidwa mtanda wamtengo wosemedwa m'zaka za m'ma 1400. Pa Lachisanu Loyera mtandawo umanyamulidwa pa mdipiti kupita ku Bagnoregio, koma mwambo umati ubwerere isanakwane 12 koloko usiku, apo ayi ukhala wa anthu a kumeneko. Onyamula sachita nalo chibwana lamuloli. Pabwalo lomwelo, mu June ndi mu September, pamachitika mpikisano wa abulu wotchedwa Palio della Tonna. Abulu ndiwo ankanyamula katundu wa mudziwu kale, ndipo pampikisanopo si kawirikawiri kuti amvere wowakwera.

Mu 2013 akuluakulu a Bagnoregio anayamba kulipiritsa alendo owoloka mlatho. Alendo sanachepe ayi, m'malo mwake anachuluka kufika mazanamazana a zikwi pachaka. Ndalama zinabwera, nyumba zakale zinakonzedwa, koma zambiri zinasanduka malo ogona alendo, malesitilanti ndi mashopu. Kunena zoona, zimene zapulumuka ndi makoma. Moyo wa mudzi, wa ana osewera pabwalo ndi alimi obwera kumunda madzulo, sunabwererenso.

Phirilo likudyekabe. Akatswiri amaboola mwala n'kulowetsamo zitsulo zoti zigwire mbali zong'aluka, ndipo amaika zipangizo zoyezera kusuntha kwa nthaka. M'nyumba yakale ya Palazzo Alemanni, pabwalo lalikulu, muli malo osungirako zinthu zofotokoza za miyala ya m'derali ndi mbiri ya zigumukire zimene zakhala zikuchepetsa mudziwu.