Tanthauzo la Mawu Akuti Postdoc pa Kafukufuku wa Zaumoyo

Pamene ndinkasonkhanitsa mawu a zaumoyo omwe alibe ofanana nawo m'Chichewa, ndinakumana ndi mawu akuti postdoc. Anzanga ambiri omwe ndinawafunsa ankati imeneyi ndi digiri ina yoposa PhD. Si choncho ayi. M'nkhani ino ndifotokoza tanthauzo la mawuwa, kusiyana kwake ndi sikolashipu, komanso chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ngakhale ife ophunzira chiyankhulo.

Sikolashipu ndi thandizo la ndalama loperekedwa kwa wophunzira kuti alipirire fizi, chakudya ndi pogona mpaka atalandira digiri. Zitsanzo zake ndi ya Commonwealth, yomwe inakhazikitsidwa mu 1959, ndi ya Beit Trust, yomwe imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Postdoc ndi ntchito, osati sukulu. Munthu amene wangomaliza PhD amalembedwa kwa kanthawi, kawirikawiri zaka ziwiri kapena zitatu, kuti afufuze moyang'aniridwa ndi katswiri wamkulu. Amalandira malipiro, salemba mayeso, ndipo pamapeto pake palibe digiri. Chimene amapindula ndi luso lodziimira payekha: kulemba kalata yopempha ndalama za kafukufuku, kupeza chilolezo ku komiti yoteteza anthu ofufuzidwa, kuyang'anira ophunzira ndi kusindikiza zotsatira.

Ntchitoyi ili mitundu iwiri. Mtundu woyamba, wofufuza amalowa m'pulojekiti ya wina n'kumayankha funso lomwe walipeza kale. Wachiwiri, womwe umatchedwa fellowship, iye amabwera ndi funso lakelake n'kupikisana ndi anzake kuti apatsidwe ndalama ndi mabungwe monga Wellcome la ku Britain kapena Fogarty International Center la ku America.

Kuno kwathu mwayi woterewu ndi wa posachedwa. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linayamba ntchito ku Blantyre mu 1995. Phindu lake laoneka: mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi, ndipo mu 2023 katemerayu anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Ntchito yaikulu chotere imafuna anthu amene anakhwima atamaliza PhD.

Vuto ndi lakuti ndalama zambiri za ntchitozi zimachokera kunja, ndipo mgwirizano ukatha munthu amayambanso kufunafuna. Malo akasowa kuno, wofufuza wachinyamata amapita kumene akumufuna. Tikamutaya pa msinkhu umenewu, timataya munthu amene akanadzasankha mafunso oti afufuzidwe.

Apa ndi pamene chiyankhulo chikubwera. Mayi wa kumudzi akati mwana ali ndi malungo, nthawi zambiri amatanthauza kutentha thupi kulikonse, osati matenda ofalitsidwa ndi udzudzu okha. Wofufuza wokulira m'chiyankhulochi amadziwa zimenezi, choncho amafunsa funso lina asanalembe yankho. Amathanso kufotokozera kholo bwinobwino zimene likuvomera posaina kalata ya chilolezo.

Pomaliza, mawu amodzi a Chichewa sindinawapeze. M'kope langa ndinalemba kuti "ntchito yokhwimitsa wofufuza". Ndikupempha aphunzitsi ndi ophunzira anzanga kuti awaunike mawuwa, chifukwa n'kovuta kupempha boma kuti liike ndalama pa chinthu chimene anthu ake sangathe kuchitchula.