Peresenti ya dokotala si mtengo wa ululu wanu

Mayi wina wogulitsa mandasi analowa mu ofesi yanga atachirikiza mkono wamanja ndi dzanja lamanzere. Minibasi yomwe anakwera inagubuduzika pa msewu wa M1 miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo. Anasolola lipoti la dokotala m'jumbo, nkundilozera pamene panalembedwa 10 peresenti.

"A loya, ndiye kuti changa n'chochepa eti? Mnzanga wa m'wodi anamulembera 40."

Kampani ya inshuwalansi inali itamuyankha kale kuti X-ray sikuonetsa fupa lothyoka, ndiye akungokokomeza. Mayiyu anali atatsala pang'ono kusainira kandalama kosakwana ngakhale mpamba wa geni yake. Zinandipweteka mtima.

Pa ntchito yanga ya uloya, palibe bodza landitopetsa ngati ili lakuti nambala ya dokotala ndiyo imagamula chipukuta misozi. Nambalayo ndi ya permanent incapacity, kutanthauza mlingo wa kulumala komwe munthu watsala nako atachira. Imalemera kwambiri pa lamulo la Workers' Compensation Act, lokhudza ovulala pa ntchito, pomwe ziwalo zinaikiridwa maperesenti ake. Mlandu wa ngozi ya pamsewu suyenda choncho. Zikadziwika kuti dalaivala ndiye analakwa, nkhani imapita pa assessment of damages, pamene Registrar wa High Court kapena womuthandiza amamva umboni ndi kuyeza chimene ngoziyo yakulandani.

Amayeza zinthu zingapo. Pali ululu ndi kuzunzika komwe mwadutsamo ndi komwe kukudzabe. Pali loss of amenities, ndiko kulephera zomwe munkachita bwinobwino kale. Pali zipsera ndi kupunduka kwa maonekedwe. Pali ndalama zomwe munkapeza koma simungapezenso. Peresenti ndi umboni umodzi chabe pakati pa zonsezi. Chala chimodzi chouma dokotala angachilembere nambala yofanana kwa telala ndi kwa mlonda, koma telala wataya chakudya cha ana ake.

Ndinamufunsa mayi uja kuti andiuze tsiku lake kuyambira m'mawa. Sangathe kukanda ufa wa mandasi. Sangasenze ndowa pamutu. Kuti abereke mwana, wina azichita kumumangira nsalu. Usiku sagonera mbali yakumanja. Zonsezi pa X-ray sizioneka, pakuti X-ray imaonetsa bwino mafupa, osati minofu ndi mitsempha yong'ambika ya m'phewa. Khoti likakhutira ndi umboni wotere limaulandira, ndipo ine ndimati umenewu ndiwo mtima wa mlandu.

Nanga ndalama yeniyeni imachokera kuti? Palibe sikelo yoyezera ululu. Khoti limayang'ana zigamulo zakale za anthu ovulala mofanana, nkuganiziranso mphamvu ya kwacha lero. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene akukuyerekezerani ndi zomwe msuweni wake analandira zaka zisanu zapitazo akukusocheretsani.

Chikhulupiriro cha peresentichi ndicho chabala madobadoba ozungulira m'zipatala, olonjeza "lipoti lonenepa". Ndimadana nawo kwambiri anthu amenewa. Buku la kuchipatala likanena kuti tsiku la ngozi munali ndi mikwingwirima, lipoti nkumati munathyoka mwendo, loya wa mbali inayo adzaziika pamodzi pamaso pa khoti, ndipo ngakhale ululu wanu weniweni sudzakhulupirikanso. Choipitsitsa n'chakuti malipoti abodzawa ndiwo achititsa a inshuwalansi kukayikira aliyense, ndipo olipira mtengo wake ndi anthu oona mtima ngati mayi wa mandasi.

Malangizo anga ndi achidule, ndipo mlandu uliwonse uli ndi zakezake. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukuona ngati muli bwino, chifukwa khosi ndi msana nthawi zambiri zimadzuka mawa lake. Nenani paliponse pamene pakupweteka kuti palembedwe. Tengani lipoti la apolisi. Sungani malisiti a mankhwala ndi a thiransipoti, poti special damages, ndalama zomwe mwaononga chifukwa cha ngoziyo, sizibwezedwa popanda umboni. Wa geni asunge kabuku ka maoda kapena ka banki mkhonde. Musathamangire kusaina musanachire, koma musagonenso: nthawi yosumira pa kuvulala kawirikawiri ndi zaka 3, ndipo yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi yofupikirapo. Dziwaninso kuti inshuwalansi imakhala ndi malire a ndalama, ndipo ngati nanunso munalakwitsa pena, chipukuta misozi chingachepetsedwe.

Mayi uja sanasaine. Anakaima pamaso pa khoti ndi lipoti lake lomwelo la 10 peresenti, buku lake la kuchipatala ndi kabuku ka ufa ndi mafuta, nafotokoza yekha mmene mkonowo wasinthira moyo wa pakhomo pake. Inunso mukavulala, musagule nambala. Sungani mapepala anu, ndipo kanenani zoona zokhazokha za thupi lanu.