Kodi Masewero a Zam'mlengalenga Tingawayese ndi Muyeso Wotani?

Madzulo ambiri ana athu maso amakhala ali pa wailesi ya kanema, kuonera masewero a anthu oyenda ndi zombo pakati pa nyenyezi. Makolo ena amangolamula kuti, "Zimitsani, zabodza zokhazokha izi." Achinyamata nawo amayankha kuti, "Kodi simukuona kukongola kwa makinawo?" Ife tikuona kuti mbali zonse ziwiri zatenga muyeso wolakwika. Nthano ya Kalulu nayonso ndi yopeka, koma palibe agogo amene anaitaya chifukwa cha chimenecho. Ndipo kunena za kukongolako, akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti nkhani imveke, titenge sewero limodzi lakale lotchedwa Star Trek. Analiyambitsa ndi Gene Roddenberry, ndipo linaonetsedwa ku America pa wailesi ya kanema ya NBC kuyambira 1966 mpaka 1969, m'zigawo 79. Makina ake ambiri anali a matabwa ndi timagetsi tothwanima, kotero kuti mwana wa lero akhoza kuwaseka. Komabe anthu akulioneraso mpaka lero. Chinsinsi chake chili mwa anthu atatu a m'chombo chotchedwa Enterprise: Kirk, mkulu wa chombo, amene ayenera kugamula, Spock, amene amatsata nzeru yokha nabisa za mumtima, ndi McCoy, dokotala wopsa mtima msanga koma wachifundo.

M'chigawo cha 1967 chotchedwa The Devil in the Dark, atatuwa aitanidwa ku dziko lina kumene chilombo chooneka ngati mwala chapha anthu 50 ogwira ntchito mu mgodi. Onse afuna kuti chiphedwe. Poyamba Spock ndiye akudandaula, poti mwina chatsala chokha mwa mtundu wake, ndipo Kirk amkaniza. Koma pamene Kirk akumana nacho maso ndi maso m'phanga, zinthu zitembenuka. Spock, poopera moyo wa bwenzi lake, amuuza kuti achiwombere msanga. Kirk, poona kuti chavulala ndipo sichikumuputa, akana kuwombera. Pambuyo pake zidziwika kuti chilombocho ndi mayi, ndipo timiyala tobulungira timene anthu a mu mgodi ankaswa mosasamala ndi mazira ake. McCoy ang'ung'udza kuti iye si mmisiri womanga nyumba, koma atseka bala lake ndi simenti, ndipo chichira.

Taonani zimene zachitika apa. Aliyense wa atatuwa wachita chinthu chosemphana ndi chizolowezi chake, komabe chogwirizana ndi mtima wake weniweni. Wanzeru zouma wagwidwa ndi mantha chifukwa cha chikondi. Msilikali waleza mtima mfuti ili m'manja. Ndipo ife oonera, amene tinali titagamula kale mlandu, tichita manyazi pozindikira kuti sitinamve mbali ya woimbidwa mlanduyo. Umu ndimo sewero labwino limadziwikira: limaika munthu pa mphambano pamene njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo kusankha kwakeko kumatiululira kuti iye ndi wotani.

Koma tisanamizane kuti dzina lotchuka ndilo chitsimikizo cha ubwino. M'chaka cha 1968 sewero lomweli linatulutsa chigawo chotchedwa Spock's Brain, m'mene mkazi wachilendo aba ubongo wa Spock, ndipo anzake ayendetsa thupi lake ndi kamakina pokafunafuna ubongowo. Ochita sewero ndi omwewo, chombo ndi chomwecho, koma palibe amene aphunzira kanthu kapena kusintha. Okonda seweroli ambiri amachiwerengera pakati pa zigawo zofooka koposa. Chotero chigawo chilichonse chiyenera kuyesedwa pachokha, monga mayi amayesera dzira lililonse pa msika.

Pali muyeso winanso, ndiwo kuona amene wapatsidwa ulemu m'seweromo. Pa nthawi imene anthu akuda ku America ankamenyera ufulu wawo, Star Trek inaika mkazi wakuda, Nichelle Nichols, pa udindo wa mkulu woona za mauthenga m'chombo. Dzina lake la m'sewero, Uhura, linachokera ku mawu a Chiswahili otanthauza ufulu. Iye mwini anasimba kuti pamene anafuna kusiya ntchitoyo, Martin Luther King anamlimbikitsa kuti asachoke, poti ana akuda ankaona mwa iye tsogolo lawo. Mmodzi mwa atsikana amene ankamuonera anali Mae Jemison, amene m'chaka cha 1992 anakhala mkazi wakuda woyamba kupita kunja kwa dziko lapansi. Nkhani inali yopeka, koma chipatso chake chinali chenicheni.

Tsono makolo anzathu, m'malo mozimitsa kanema mwaukali, tiyeni tikhale pansi tionere limodzi ndi ana chigawo chimodzi, ndipo chikatha tiwafunse. Kodi ndani anasankha chinthu chovuta, ndipo chinamtayitsa chiyani? Kodi mdani anapatsidwa chifukwa chake, kapena anangoikidwamo kuti aphedwe ife tikuwomba m'manja? Kodi mlandu unatha ndi nzeru, kapena ndi mfuti yaikulu kuposa ya mnzake?

Inunso achinyamata, yesani kufotokozera agogo anu sewero limene mumalikonda, osatchula chombo, mfuti kapena kuphulika kulikonse. Mukapeza kuti nkhani ilipobe ndipo agogowo akufunsa kuti, "Ndiye zinatha bwanji?", dziwani kuti mwasankha bwino. Mukasowa chonena, funani lina.