Za Malamulo a Kalembedwe pa Mayeso a Chichewa

Mwana wobadwira m'zigwa za fodya za ku Kasungu amayamwa Chichewa pamodzi ndi mkaka wa amake, ndipo chifukwa cha ichi amayesa kuti mayeso a chinenerochi sangamgwetse. Koma kuyankhula ndi kwina, kulemba ndi kwinanso. Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chinenero cha dziko m'chaka cha 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board, lomwe linayamba mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973. Wolemba mayeso a MSCE, amene ali khomo la maphunziro apamwamba, ayenera kulemba motsata malamulo, osati monga amayankhulira pabwalo.

Choyamba ndi kugwirizana kwa dzina ndi mawu olitsata. Fodya, angakhale si munthu, amayenda ndi mgwirizanitsi wa munthu: fodya wauma. Koma chigafa chagwa, zigafa zagwa, mabelo afika ku Chinkhoma.

Chachiwiri ndi kulumikiza ndi kupatula. Pakati pa mayina awiri "wa" amaima payekha: munda wa fodya. Pa mfotokozi amamatirira: munda waukulu. Akakumana ndi "ku" wa mneni asanduka "wo", monga fodya wouma. Koma mneni akakhala wa phatikizo limodzi, "ku" sachoka, monga chakudya.

Chachitatu ndi nkhodolero. Imasonyeza pamene lembo lagwa: mu munda asanduka m'munda. Koma m'mawu akuti ng'oma palibe chagwa. Nkhodoleroyo ilekanitsa ng'oma yovinira Gule Wamkulu ndi ngoma, nyama ya m'thengo. Momwemonso lembo la h: woponya mwala ndi wophonya mbalame si munthu wochita chinthu chimodzi.

Chachikulu koposa ndi mitengero ndi mpatuliro, pakuti izi zikhoza kutembenuza mlandu. Nazi ziganizo ziwiri:

Mlimi anati, "Mwini munda wandinyenga."

"Mlimi," anati mwini munda, "wandinyenga."

Mawu ndi omwewo, koma wodandaula m'chiganizo choyamba wasanduka wozengedwa m'chachiwiri. Woona mayeso sangamfunse mwana chimene anafuna kunena. Amaweruza chimene chili papepala.

Tsono zizolowezi izi sizimera mu Folomu 4. Zifesedwa m'makalasi oyamba, monga nazale wa fodya afesedwa mvula isanagwe. Mphunzitsi amene alemba mosasamala pabolodi adziwe kuti ana makumi ambiri akukopera cholakwa chakecho m'makope awo, ndipo adzanka nacho kufikira tsiku la mayeso.